Ndege ya Malume Inamera Mano

Pa Mtakataka panalibe njinga yamoto ya kabaza imene inkayenda yosavala. Ikangofika yatsopano, isanalawe n'komwe fumbi la ku Golomoti, mwini wake ankayamba waikankhira pa kashopu ka Wyson kuti akaiveke. Ntchito ya Wyson inali yomata masitika, ndipo dzanja anali nalo, zimenezo panalibe wotsutsa. Pa thanki ankamata mkango, pa madigadi malawi a moto, kuseri kwa chishalo vesi la m'Baibulo, ndipo pakatsala kampata kokwana chala, ankasakasaka kanyenyezi n'kutsekapo. Malo opanda kanthu ankamuwawa m'maso mwamunayu. Anyamata a kabaza ankamukondera zomwezo, poti nawonso mawu oti "zakwana" sankawadziwa.

Koma munthu yemweyu, amene pa Mtakataka ankamutcha bwana, dzuwa likapendeka ankaliza njinga yake kubwerera kumudzi wina kufupi ndi Golomoti, kumene anali mkamwini chabe. Kumeneko ubwana unkatsala pamsewu. Munda umene ankalima unali wa akuchikazi, mbuzi zimene ankatsekera zinali za akuchikazi, ngakhale mango ankathyola atayamba wayang'ana uku ndi uku. Kwawo ku Mtakataka anali atamanga kale nyumba yamalata ya mawindo agalasi, koma munkagona mileme. Chimene mtima wake unkalira chinali chimodzi: kuti atenge mkazi wake Fagness ndi mwana wawo Ida chitengwa, akakhale m'nyumba imeneyo. Chilolezo chinali m'manja mwa a Laisoni, malume ake a Fagness, amene anali mwinimbumba. Kawiri konse a Vincent, mkulu wake wa Wyson yemwenso anali nkhoswe yake, anapita kukapempha, ndipo kawiri konse anabwerako ndi mawu omwewo: "Tamva. Tiyambe tamuona mkamwiniyu."

A Laisoni musawayese munthu wovuta. Anali nkhalamba yansangala, yokonda macheza, koma nkhani anali nayo imodzi yokha, ndipo mudzi wonse unkaidziwa pamtima. Ali mnyamata anagwirako ntchito kwa mzungu wina amene ankapopera mankhwala m'minda ya thonje ndi kandege kakang'ono. Ntchito ya a Laisoni inali yotsuka kandegeko kakatera. Tsiku lina mzunguyo anawakweza, ndipo anaona nyanja ndi mapiri a Dedza nthawi imodzi, malambe akuoneka ngati tizitsa pansi pawo. Ukangotchula ndege, thonje, ngakhale sopo amene, nkhaniyo inkayamba.

"Kanali koyera, ana inu, koyera mbee!" ankatero, manja ali m'mwamba. "Kamzere kamodzi kobiriwira kuchokera kumphuno mpaka kumchira, ndi tizilembo takuda pambali, basi. Kankabwera kali matope okhaokha, mankhwala atadontherera, tizilombo titafera pamphuno. Koma ine ndikakagwira, ntchentche ikaterapo unkaiona uli patali."

Wyson anaimva nkhaniyi mpaka kutopa nayo. Ankagwedeza mutu mwaulemu monga amachitira mkamwini aliyense, maganizo ali ku masitika.

Chaka chimenecho, mvula yoyamba itangogwa, foni ya Wyson inalira. Anali Steven, mwana wa a Laisoni, amene ankagwira ntchito ku Joni.

"Alamu, ndapeza chinthu!" anatero Steven, mawu akuchita kudumphadumpha. "Kuno kuli anthu amagulitsa tindege tachitsulo, tofanana ndendende ndi ndege zenizeni, koma toyera, topanda cholembedwa chilichonse. Wogula umadzimatira wekha zizindikiro zimene ukufuna. Ndapeza kamtundu komwe kaja ka abambo. Ogulitsawo ndinawatumizira chithunzi chakale cha kandegeko chimene abambo amasunga, andisindikizira kamzere kobiriwira ndi tizilembo take tomwe tija. Katoni yanyamuka kale. Inu mumate, ine ndikubwera pa Khirisimasi, tidzawapatse pamaso pa mbumba yonse."

"Zomata ndiye mwafika kwa mwini wake," anayankha Wyson, akudziguguda pachifuwa ngati Steven akumuona.

"Koma pepala lake ndi limodzi lokha, alamu. Musaphonye."

"Ine kuphonya? Funsani aliyense pa Mtakataka pano."

Fagness atamva nkhaniyi anavina pakhonde mwana ali kumsana. Malume ake ankawadziwa kuposa wina aliyense. "Bambo a Ida, mwayi woposa apa sudzabweranso," anatero. "Malume akakaona kandegeko mtima wawo ufewa ngati nthochi yakupsa. Muwauze alamu a Vincent adzabwere tsiku lomwelo. Malume akangotha kusangalala, iwo aponye nkhani ya chitengwa pomwepo. Sakana, ndikukuuzani ine."

Kuyambira tsiku limenelo, minibasi iliyonse yoima pa Mtakataka inkamudzutsa Wyson pampando. Katoni ija inalowera ku Dedza, inatsika msewu wa Khwekhwerere ili pamiyendo pa kondakitala, ndipo itafika Wyson anaitsegula ndi leza mosamala. Mkati, pakati pa thonje lapulasitiki, munagona kandege kotalika ngati chimanga chachikulu chachiwisi. Kanali kolemera m'manja, kozizira, koyera mbee. Matayala ake ankazungulira, ndipo kapulopela kakutsogolo ukakauzira kankathamanga mpaka osaoneka. Wyson, bambo wandevu zake, anakanyamula m'mwamba n'kuzungulira nako mushopu akulira ngati injini.

Pambali pake panali kaenvelopu kakang'ono, momwe munali pepala lija la kamzere kobiriwira ndi tizilembo takuda. Koma pansi penipeni pa katoniyo panalinso envelopu ina, yaikulu, yonenepa, imene wogulitsa uja anangoponyamo ngati banyira. Munali zomata zotsala za ndege zina zamitundumitundu. Wyson atazikhuthulira patebulo, anakhala pansi osadziwa kuti wakhala. Mbendera za mayiko amene sanawamvepo, ziwombankhanga zotambasula mapiko, mphezi zachikasu, nyenyezi, manambala ofiira, malawi a moto, ndiponso kukamwa kwina kwa mano akuthwa ngati a ng'ona, koyenera kumata pamphuno ya ndege. Zinali zosalala, zowala, zosindikizidwa mwaluso loti masitika ake a njinga ankaoneka ngati zojambula za ana a sitandade wani. Anazibwezera mu envelopu, koma maso ake anatsala momwemo.

Zomata zimenezi sizinali ngati za njinga, zosenda n'kupachika. Wyson anaziphunzira pa mavidiyo a pafoni. Umadula chidutswa ndi sizasi, n'kuchiviika m'madzi ofunda pang'ono mpaka chithunzi chiyambe kutsetsereka papepala. Ukatero umachikankha ndi kaburashi kofewa kuti chitsikire pa ndege, n'kupukuta madzi ndi thonje mosasuntha chithunzicho. Zikauma bwino umapopera vanishi pamwamba. Usanapopere, ukhoza kunyowetsa n'kuchotsa chimene walakwitsa. Ukapopera, zatheka, chithunzi ndi chitsulo zakwatirana ukwati wa ku tchalitchi.

Tsiku lomata, Khirisimasi itayandikira, Fagness anapita ndi Ida ku sikelo ku chipatala cha Mua, ndipo pobwerera anatsikira pa shopu kuti aone ndi maso ake. Wyson anasamba m'manja kawiri, anatseka chitseko theka kuopa fumbi, n'kuika sosala yamadzi patebulo. Kamzere kaja kanali kopyapyala ngati khungu la anyezi. Katangochoka papepala kanayamba kupindika, Fagness n'kugwira pakamwa.

"Mayo, kang'ambika!"

"Khalani chete, mayi a Ida, musandipumire."

Thukuta linkayenderera pamphuno pake, koma dzanja silinanjenjemere. Pang'onopang'ono kaburashi kanakawongola, kuchokera kumphuno mpaka kumchira, mbali iyi kenako mbali inayo. Tizilembo takuda tinakhala pamalo pake. Wyson anapukuta madzi, anabwerera m'mbuyo, ndipo onse awiri anayerekeza ndi chithunzi chakale chimene Steven anatumiza pafoni. Panalibe kusiyana. Ndege ya a Laisoni inali itatera pa tebulo la Wyson.

Fagness analuluta mpaka amayi ogulitsa tomato panja anasuzumira. "Ndi yomweyo! Ndi yomweyo, bambo a Ida! Makatani a nyumba ija ndiyambe kusoka. Tsono basi, musakhudzenso. Poperani vanishi wanuyo ndikuona."

"Vanishi sapopera pamadzi," anayankha Wyson, ndipo apa ankanena zoona. "Ziyambe zauma. Pitani, mwana akufuna kukagona. Madzulo ndikhala nditamaliza."

Fagness anakwera minibasi akumwetulira yekha. Wyson anatsala ndi ndege yomalizidwa, manja opanda chochita, ndi envelopu yonenepa ija ili pashelefu. Akanangotseka shopu n'kupita kukadya chipisi pamsika, nkhani yathu ikanathera pomwepa ndi nthungululu. Koma iye anatsegula chitseko kuti mphepo ilowe, ndipo pamodzi ndi mphepoyo munalowa anyamata a kabaza amene ankabisala dzuwa pansi pa mtengo.

"Eee, bwana, mwayamba kuveka ndege tsopano? Ndiye mumaliza liti?"

"Yatha imeneyo," anatero Wyson monyadira.

Anyamata aja anayang'anana, kenako anaphulika kuseka. "Yatha? Imeneyi ndi ambulansi, bwana! Kapena ndi yonyamula maliro? Mukatiuza kuti yadutsa m'manja mwanu, ndani akhulupirire? Bwana Wyson akalamba, anyamata, dzanja lauma."

Mawu amenewo anamulasa. Anayang'ananso kandege kaja, ndipo kuyera kumene kankamusangalatsa posachedwapa kunayamba kumuwawa m'maso. Mapiko onse awiri mbee, msana mbee, mchira mbee. Munda wonsewo ugonere osadzalamo kanthu? Anatsitsa envelopu ija, akudziuza kuti akungofuna kuwaonetsa anyamatawo. Zomata zitayalidwa patebulo, mushopu munamveka mluzu.

"Kamodzi kokha," anatero Wyson. "Kambendera aka, pansi pa phiko, posaoneka."

Kambendera kanakhala, ndipo kanakhala bwino kwabasi. Koma tsopano phiko linalo linkaoneka lamasiye, choncho nalonso linalandira kake. Mbendera ziwiri pansi, pamwamba popanda kanthu, zinali ngati munthu wovala nsapato zatsopano alibe malaya. Anamata nyenyezi pamwamba. Mnyamata wina analoza chiwombankhanga: "Ichi ndiye chakoma, bwana!" Chiwombankhanga chinatera pambali pa ndege, phiko lake limodzi litaphimba kamzere kobiriwira. Wina analoza mphezi: "Nanga ichi?" Mphezi inang'anima kumchira. Madzi a mu sosala anazizira, Wyson anatuma wina kukapempha otentha ku tiyirumu. Dzanja lake linali litazolowera tsopano, chidutswa chilichonse chinkatsetsereka ngati chikudziwa kwawo. Anyamata ena anasiya makasitomala pamsewu kudzaonerera, ndipo chilichonse chikakhala ankaomba m'manja ngati timu yagoletsa. Wyson anali asanasangalalepo chotere ndi ntchito yake chibadwire.

"Mano! Mano! Mano!" anayamba kuimba anyamatawo akumenya zitseko.

Mano anamatidwa. Kandege kofatsa kopopera thonje kanasanduka chilombo cholusa, kukamwa kuli yasa.

Nthawi yomweyo a Vincent anatulukira. Iwo ankasema ziboliboli ku Mua, ndipo anabwera kudzapangana za ulendo wa pa Khirisimasi. Anadzipanikiza pakati pa anyamata aja, anayang'ana patebulo, n'kuvula chipewa pang'onopang'ono.

"Wyson, kodi ndege ya a Laisoni ija inali ndi mano?"

"Achimwene, inu za ndege mumazidziwira kuti?" anayankha Wyson, maso akuwala. "Malume ankatsuka ndege yosauka. Ine ndikuwapatsa ndege yolemera. Akaona ntchito imene ndagwirapo, adziwa kuti mkamwini wawo si munthu wamba."

"Anakutuma chiyani Steven?"

"Kamzere ndi zilembo. Zilipo, onani, sindinachotse. Zinazi ndi ulemu wanga woonjezera."

"Mng'ono wanga, ulemu wosapemphedwa nthawi zina umatukwana. Sunapopere, eti? Nyowetsa uchotse zonsezi nthawi ikadalipo. Ine ndi amene ndikayankhule kumudzi kuja, usandivule."

"Aaa, madala, musatisokonezere bwana!" anakuwa anyamata aja. "Poperani, bwana, poperani!"

Wyson anayang'ana mkulu wake, anayang'ana gulu, anayang'ananso chiwombankhanga. Kwa kanthawi mtima unamuuza kuti a Vincent akhoza kukhala akunena zoona. Koma kuchotsa mano aja? Kuchotsa mphezi imene inakhala bwino chotero? Anagwedeza chitini cha vanishi, kanthu kamkati kakulira kocho-kocho, n'kupopera uku ndi uku mpaka ndege yonse inanyezimira. Anyamata anafuula. A Vincent anavala chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika.

Kunyumba Fagness anamuchingamira pamsewu. "Ndioneko, bambo a Ida!"

"Mudzaona limodzi ndi anthu," anatero Wyson, katoni ili m'khwapa, yokutidwa kale ndi pepala lamaluwa. "Ndaikonza mwapadera."

Mawu oti "mwapadera" anamukayikitsa Fagness, koma anadzitonthoza. Ndegeyo anali ataiona ndi maso ake itatha, ndiye munthu angalakwitse chiyani pa chinthu chomalizidwa?

Pa Khirisimasi mudzi unadzuka uli gwiragwira. Steven anali atafika dzulo lake ndi masutikesi, ndipo nayenso atapempha kuti aone, Wyson anamukaniza mwanthabwala kuti mphatso satsegula kawiri. Anthu atabwera ku Misa, mbuzi inali itaphedwa kale, mpunga uli pamoto, thobwa likuzungulira m'makapu. Mbumba yonse inasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa, abambo pamipando, a Laisoni pakati atavala jekete imene Steven anawabweretsera ngakhale kunali kotentha koopsa. A Vincent anakhala kumapeto, nkhope ili ngati ya munthu wodwala dzino.

Anthu atadya, Steven anaimirira n'kuomba m'manja. "Abambo, takula tikumva za ndege yanu. Ena mwa ife tinkaganiza kuti mumangopeka." Anthu anaseka, a Laisoni n'kumuloza ndi ndodo. "Lero ndege ija yabwera kudzakuonani. Ine ndinaipeza ku Joni, koma amene waiveka zovala zake ndi alamu anga a Wyson."

Wyson anagwada n'kuika katoni pamiyendo pa nkhalambayo. Amayi analuluta. A Laisoni anayang'ana katoniyo, anayang'ana Steven.

"Yanga ija? Yoyera ija?"

"Yomweyo, abambo."

A Laisoni anatambasula manja, koma asanakhudze pepala anawabweza. "Fagness, mwana wanga, ndipatse madzi ndi sopo. M'manja mwanga muli mafuta a mbuzi. Ndingaidetse."

Anthu onse anadikira nkhalamba ikusamba, chala chimodzichimodzi, n'kupukuta ndi kansalu ka m'thumba. A Laisoni anamasula pepala osaling'amba, anatsegula katoni, n'kutulutsa ndege.

Ana anakuwa ndi chimwemwe. "Ili ndi mano! Ndege ya agogo ili ndi mano!" Koma nthungululu za amayi zinafera m'khosi. Fagness anayang'ana mwamuna wake kamodzi kokha, kenako anaweramitsa mutu n'kudziphimba ndi chitenje.

A Laisoni sanakwiye. Akanakwiya zikanakhalako bwino. Anaitembenuza ndegeyo uku ndi uku, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, ngati munthu wofunafuna nkhope ya m'bale wake pagulu la anthu achilendo.

"Nanga kamzere kaja kali kuti?"

"Kalipo, malume," anatero Wyson mofulumira, akuloza. "Apa, pansi pa chiwombankhangachi. Kakutulukiranso uku, pafupi ndi malawiwa. Zilembo zanunso izi, pakati pa nyenyezi."

"Ooo," anatero a Laisoni.

Anaigadamitsa. Pamimba pake, pakati pa matayala, panali kamalo kakang'ono kokwana chala chachikulu kamene Wyson anakaiwala. Kanali koyera. Nkhalambayo inatenga kansalu kaja n'kuyamba kupukuta pamenepo, pang'onopang'ono, ngakhale panalibe fumbi. Ngakhale ana anasiya kuseka. Misozi inatsika m'masaya mwa a Laisoni, ndipo sanaibise.

"Mkamwini," anatero pomaliza, "dzanja muli nalo. Palibe chopindika apa, palibe chong'ambika. Koma ine sindinali woyendetsa, sindinali makaniko, sindinali mwini wake. Pa ndege ija, chinthu changa chinali kuyera kwake basi. Ndiyo inali ntchito yanga. Inu mwaona ngati ndi malo opanda kanthu, mwaphimba."

Wyson anazyolika. Nkhani ija anaimva kambirimbiri, ndipo lero m'pamene inalowa m'khutu.

"Sizingachoke, alamu?" anafunsa Steven, mawu ali pansi.

"Ndinapopera vanishi," anatero Wyson. "Ndikapala, kamzere kachokera limodzi. Ndi utoto womwe."

A Vincent anali atayamba kusuntha mpando kuti atsanzike, nkhani ya chitengwa ataimeza. Koma a Laisoni anawaimitsa ndi dzanja.

"A Vincent, khalani pansi. Chimene mwadzera ndikuchidziwa, Fagness sasunga chinsinsi. Mwaiona mbuzi yaikazi yomangidwa kuseri kwa khitchini? Si ya ndiwo imeneyo. Ndinaipatula sabata yatha kuti mwana wa mlongo wanga apite nayo ku Mtakataka. Ndinati mkamwiniyu walima, wamanga nyumba, sanatukwanepo munthu, ndimumasule pa Khirisimasi. Ndege ikanabwera kapena osabwera, lero ndikanavomera."

Fagness analira mokweza.

"Koma tsopano ndaona chimene ndinkaopa osachidziwa dzina," anapitiriza a Laisoni. "Munthu uyu anapatsidwa chinthu chokwanira, anachigwira bwino, chinatha. Mtima wake sunathe kunena kuti basi. Fagness ndi mwana wopanda zambiri, ngati ndege ija. Kumsewu kuja kumadutsa zokongola zambiri, ndipo oimbira m'manja sasowa. Ndikamupereka lero, ndidzagona tulo? Ayambe wakhala pano ndikumuona, mpaka ndidzakhutire kuti waphunzira polekera." Anabwezera ndegeyo m'katoni n'kuikankhira kwa Wyson. "Iyi tengani, mukaike pa shopu panu. Ndi yokongola ndithu. Koma si yanga."

Mbuzi ija inamasulidwa madzulo omwewo n'kubwerera m'khola, ndipo amene anaitsekera ndi Wyson. Steven anabwerera ku Joni osamutsanzika bwinobwino mlamu wake. Makatani amene Fagness anasoka anawapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi, ndipo kwa masiku angapo chakudya ankangochiika patebulo n'kuchokapo. Mu Januwale, udzu utakula, anthu opita ku Golomoti ankamuona bwana wa masitika m'mamawa ali chiweramire, akupalira munda wa akuchikazi, pamene mileme inkaswana mwamtendere m'nyumba ya mawindo agalasi.

Ndege ija mpaka lero ikulendewera pa ulusi mushopu mwake, mano ali panja. Anyamata a kabaza amaitama tsiku ndi tsiku, ndipo alendo otsika minibasi amaijambula ndi mafoni. Wyson sayang'anako. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ndi njinga yatsopano, Wyson anamata mkango pa thanki n'kupukuta m'manja.

"Onjezani china, bwana! Ichi chakoma, onani. Ichinso chakoma!"

"Zakwana," anatero Wyson. "Kwera uzipita."

Anawaphunzira mawuwo, koma anawagula ndi nyumba yogona mileme, ndi misozi ya nkhalamba imene inasamba m'manja kuti ilandire ndege yake. Akuluakulu sananame pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.